Buluku la Barnabas

"Keziya, ika pansi sizasiyo. Ndati ika pansi, usandichimwitse masana ano."

Anastasia anali ataima pakhomo la kachipinda kamene mwana wake wamkazi ankasokeramo, dengu la kumsika likadali pamutu. Pathebulo, pambali pa makina osokera, panali buluku la jinzi la malemu Barnabas, mwana wake wachisamba. Mwendo umodzi unali utadulidwa kale. Winawo unali lende m'mphepete mwa thebulo, mabowo okhaokha, ndipo kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi nsaluyo inali itafiira ngati dzimbiri.

"Walitenga kuti?"

"Kumene munalibisa, amama. Pansi pa sutikesi, m'kati mwa chitenge cha kutchalitchi."

"Ndiye wayamba kupisa m'sutikesi mwanga? Zovala za munthu wakufa, iwe? Amalume ako sanabwere n'komwe kuchokera ku Petauke kudzagawa katundu wa mlongo wako, iwe wayamba kale kudula. Unaziona kuti zimenezi? Katundu wa malemu sagwidwa asanagawidwe, ngakhale mwana wa ku nazale adziwa. Ufuna kutiitanira chiyani m'nyumba muno?"

"Amalume akanagawira ndani buluku ili? Ndani angavale ichi?" Keziya analinyamula m'mwamba, kuwala kwa pawindo n'kumadutsa m'mabowo muja. "Atate anakuuzani kuti mulitaye m'chimbudzi. Inu simunataye. Munasungiranji?"

Funso limenelo linamulasa Anastasia pamtima, ndipo anakweza mawu. Anatula dengu mwaukali mpaka tomato n'kugubudukira pansi pa thebulo.

"Usandifunse mafunso ngati ndine mnzako. Ndikufunsa ndine. Ufuna kuchita nalo chiyani?"

"Ndisoka diresi. Ku Ndola kuli chionetsero cha mafashoni kumapeto kwa mwezi, ndipo ine anditenga. Akuti tisoke zovala zochenjeza anthu kuti aleke kuipitsa nyanja yamchere. Anzanga akulumikiza mabotolo a pulasitiki, wina wasoka chisoti cha kamba wam'nyanja, kamba amene anamuonera pafoni chabe. Ine ndati nyanja yanga iyambira kuseri kwa nyumba ino. Kamtsinje kathu ka kumadimba kathira mu Kafue, Kafue athira mu Zambezi, Zambezi athira m'nyanja. Asidi amene anadya buluku ili sanathere mu komboni yathu ya Luangwa ku Kitwe kuno ayi, ali paulendo."

"Basi mwana wanga Barnabas akayende pamaso pa anthu oomba m'manja ndi kujambula? Anapita, musiye agone."

"Agona bwanji, amama, pamene komboni yonse ikuuzidwa kuti anafa ndi malungo?"

Pamenepo geti la malata linalira, ndipo analowa Evaristo Daka, bambo wa nyumbayo, atavala yunifomu yatsopano, jombo zikuwala, chipewa cha ulonda pamutu. Munthuyu anakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango chimuchotsereni ntchito kumgodi. Ulonda wa pageti la kampani ya kumtunda, imene imasungunula mkuwa ndi asidi kuchokera m'milu yakale ya mgodi, anaupeza maliro a mwana wake atangotha. Anthu ena a m'komboni anati Mulungu wapukuta misozi. Ena ankangoyang'ana jombozo akamadutsa.

"Amake Keziya, phokoso ili likumveka mpaka kumsewu. Chavuta n'chiyani?"

Dzina limeneli Anastasia sanalizolowere. Chiberekereni mwana woyamba iye anali amake Barnabas, kutchalitchi, kumsika, ngakhale kuchipinda. Koma chibwerereni kumanda mwamuna wake anasintha kaitanidwe osapempha munthu, ngati dzina lija nalonso linalowa m'bokosi. Nthawi iliyonse akamva zimenezi ankapsa mtima, koma ankangomeza mate.

Evaristo anaona buluku, nkhope n'kugwa. Anatembenukira kwa mkazi wake.

"Si ndinati ichi chitayidwe?"

"Musawafunse amama, funsani ine," anatero Keziya. Anafotokozanso zonse osachotsera, n'kuwonjezera chimene amayi ake sankadziwa, kuti olipirira chionetserocho anali a kampani ya kumtunda yomweyo. "Iwo ndiwo akuphunzitsa dziko kusamala madzi, atate. Nyanja yakutali aikonda ngako, mopitirira muyeso, chifukwa kamba sangakwere basi kudzawaloza chala."

"Za chionetserocho ndidziwa. Ine ndikaima pakhomo pa holoyo, andisankha kale. Manje ufuna abwana aone mwana wa mlonda wawo akuwatukwana ndi sanza? Tsiku lomwelo yunifomu iyi andivula. Iwe mwana, madzi akatayika saoleka."

"Aoleka, atate. Si awa, ali mu buluku umu."

"Barnabas anafa ndi malungo."

"Malungo odya jinzi? Damu lawo la asidi linasefukira, m'mawa nsomba zinali mbuu pamwamba pa madzi. Alongo anga analowa mpaka m'chiuno kutola, monga anachitira amuna ambiri a kumadimba, koma iwo anakhalitsamo. Anabwera akukanda miyendo. Mawa lake khungu linali kusupuka, akusanza, mkodzo osatuluka. Bulukuli tinawavula ndife, ine ndi amama, lili kunyenyeka m'manja. Malungo ake ati amenewo?"

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anthu aja anagula bokosi, anabweretsa tenti, unga, nkhuni, motoka ya kumanda. Abale athu a ku Petauke anatumiza chiyani? Mapemphero pafoni. Lero m'nyumba muno mukudya, ndipo makina akowo ayendera malaiti amene ndigula ine."

"Sanagule bokosi chabe, atate. Anagula ndi pakamwa panu pomwe."

Dzanja la Evaristo linakwera n'kuima m'malere. Silinatsikire pa mwanayo. Analibweza pang'onopang'ono n'kukonza nalo chipewa.

"Sankha. Ichi chipse lero, apo ayi utenge makina ako uchoke."

Keziya anayang'ana amayi ake. Apa ndi pamene Anastasia akanalankhula, ndipo mawu anali nawo. Koma anakumbukira zaka zija zomwa tiyi wopanda shuga, mwamuna wake akuchita manyazi kukhala pagulu la amuna anzake. Mkwiyo wake wonse, umene unayenera kukwera mtunda kupita kukampani, unatsetsereka n'kugwera mwana wake, poti ndiye anali pafupi.

"Wamva atate ako. Mwana wosamva, wodula zovala za akufa, m'nyumba mwanga ayi."

Dzuwa lisanalowe Keziya anakweza makina ake pawilibala n'kupita kukakwera basi ya ku Ndola, kwa mnzake wa ku komboni ya Lubuto. Bulukulo anapita nalo.

Lamlungu lotsatira, anthu atatuluka m'matchalitchi, pabwalo la mpira pafupi ndi msika panaima galimoto yoyera. Munatuluka mayi wonunkhira perefyumu dzina lake Priscilla, amene ntchito yake kukampani kuja inali kumwetulira anthu. Ndi yemweyo anabwera ndi tenti pamaliro. Ulendo uno anabwera ndi mabelo a zitenge.

Zinali zitenge zokongola, tisaname. Zabuluu, nsomba zonenepa zikusambira ponseponse, ndipo m'mphepete analembamo kuti Tisamale Nyanja. Kamtsinje ka kumadimba kanalibe ngakhale chule wolira, koma amayi a pa Luangwa anali oti avala nsomba m'chiuno. Priscilla analengeza kuti kudzakhala basi yaulere yopita ku Ndola, mpunga ndi nkhuku, ndipo amayiwo akavine potseka chionetsero. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Munthu wosauka ukamupatsa chitenge chatsopano amaiwala kufunsa kuti n'chophimbira chiyani.

"Bamayo ba Daka," anatero Priscilla mwaulemu wa Chibemba, atamugwira Anastasia paphewa, "ndamva kuti nyimbo mutsogolera ndinu kuno. Mukatitsogolere mukwai. Ndipo pepaninso za malungo aja."

Anastasia analandira chitengecho ndi manja awiri, atapinda bondo. Anadzida yekha chifukwa cha bondo limenelo, koma linali litapindika kale.

Pobwerera anayenda ndi Norah, mnansi wake wa kuseri kwa mpanda, mkazi wa Zacharia, amake Joy. Norah anali mayi wa Pentekoste wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Amake Barnabas, ndifunseko, ndipo mundiuze zoona pamaso pa Mulungu. Madzi aja a kumadimba ali bwino? Chichitikireni zija sitinathirire, repu yense wapsa. A Zacharia akuti alowe mumtsinje azikumba mchenga wogulitsa kwa omanga, poti kunyumba kulibe chogwira. Ine mtima ukukana. Anthu akunong'ona kuti Barnabas anamupha ni madzi."

Anastasia anayang'ana chitenge chimene chinali m'khwapa mwake. M'maganizo anaona jombo za mwamuna wake zili pakhonde, zopukutidwa bwino.

"Anthu salephera kunena, amake Joy. Anali malungo. Madzi aja anayera kale, mvula inatsuka."

"Ngati mwanena ndinu, mayi wake, ndiye basi," anatero Norah. "Ndani angadziwe kuposa inu?"

Masiku otsatira amayi ankakumana madzulo pansi pa mtengo wa mango kuyeserera nyimbo imene Priscilla anawasiyira, yonena kuti nyanja ndi mayi wathu, tisamutayire zinyalala. Pa gulu lonselo panalibe amene anaionapo nyanjayo. Bupe, wogulitsa makala, anafunsa ngati n'zoona kuti anthu a kumeneko sagula mchere, amangotunga, ndipo onse anafa nacho chiseko. Anastasia ankatsogolera ndi mawu ake aja odzaza tchalitchi, ndipo nyimboyo inkakoma, zimene zinkamunyansa kwambiri. Foni ikalira n'kuona kuti ndi Keziya, ankaitembenuza chafufumimba n'kupitiriza kuimba.

Mwezi usanathe, m'mawa wina akusesa pabwalo, anamva wilibala ikulira mumsewu n'kudzaima pageti lake penipeni. Ankakankha ndi Norah, thukuta lili kamukamu. M'wilibalamo munali Zacharia, bambo wamkulu wandevu zake, atapindika ngati thumba la makala, akukukuta mano. Miyendo yake anaifunditsa chitenge cha nsomba chija.

Njira ya kukiliniki sidzera pamenepo. Norah anachita kuzungulira dala.

"Amake Barnabas, tulukani mudzaone malungo anu."

Anavundukula chitenge. Kuyambira m'mawondo kutsika m'munsi khungu linali litasupuka, matuza ataphulika, mnofu wofiira uli poyera. Anastasia anaidziwa miyendo yotere. Anaitsukapo ndi madzi amchere, pa munthu wina, m'nyumba yomwe inali kumbuyo kwakeyo. Tsache linagwa lokha m'manja.

"Pamwamba madzi ni oyera, koma asidi wakhazikika mumchenga, ukakumba ndiye auka. Ine ndinakufunsani pamaso pa Mulungu. Simunanene kuti sindidziwa, munati malungo. Inu amene munandilangiza polowa m'banja, inu amene ndimati amama. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma inu munachiona n'kundikankhira dala. Amuna anga akafa, nanenso adzandipatsa jombo?"

Anthu anali atayamba kusuzumira m'mipanda. Anastasia anatambasula dzanja kuti agwire wilibala athandize kukankha, koma Norah analikankhira kumbali.

"Musagwire. Pitani mukayeserere nyimbo."

Madzulo a tsikulo Evaristo atabwera, mkazi wake sanamulandire chikwama. Anamudikira ali chiimire pakati pa balaza.

"Mwamva za a Zacharia?"

"Ndamva. A Priscilla apitako kale kukiliniki. Atumiza motoka, awatengera kuchipatala chabwino."

"Ndi bokosi lomwe atumiza?"

"Amake Keziya, samalani pakamwa."

"Ndasamala pakamwa mpaka munthu wapsa miyendo. Pamaliro a mwana wanga alongo anu anandikhalira uku ndi uku, akunditsina kuti ndilire chamumtima, ndisatchule kanthu chifukwa a kampani ali mutenti. Mayi wobereka, kulira ngati mlendo wodutsa. Ndinamvera. Ndanama kutchalitchi, ndanama kumsika, ndathamangitsa mwana amene wanditsalira, ndanamiza Norah. Ndinamenso kangati kuti jombo izi zikhale pakhonde?"

Evaristo anakhala pampando n'kuyamba kumasula zingwe za jombo pang'onopang'ono. Sanali munthu woipa, ndipo chimenecho ndicho chinkamupsetsa mtima kwambiri mkazi wake, chifukwa munthu woipa umangomuda n'kupuma.

"Muganiza kuti ine sindimuona? Ndikaima pageti paja, paipi yopita kudamu idutsa pambali panga. Ndimayang'ana kumbali tsiku lonse mpaka khosi kuwawa. Koma ndiuzeni, ndikavula izi tidya chiyani? Ndani mu Kitwe muno alemba ntchito munthu waimvi? Barnabas sadzauka. Ife tikadali ndi mimba."

"Mlandu suola, a Daka."

"Njala nayo sichedwa," anatero Evaristo, n'kutulutsa jombo pakhonde.

Tsiku la chionetsero basi inadzaza amayi ovala nsomba. Anastasia anadabwa kuona Norah atakhala pawindo, chitenge chija atachichapa n'kuchisita. Anakhala pambali pake chifukwa mpando wotsala unali umenewo. Anawoloka Kafue paulalo, anzawo akuimba kumbuyo. Atayandikira Ndola ndi pamene Norah analankhula, osatembenuka n'komwe.

"Nanenso andipatsa malungo anga. Akuti a Zacharia ni matenda a shuga. Mankhwala agula ndiwo, bola ndikavine."

Anastasia anaona kuti bodza lake labereka, ndipo mwana wake wa bodzalo nayenso adzabereka, mpaka komboni yonse idzatha ndi malungo ndi shuga. 

Holo anaikongoletsa ndi nsalu zabuluu zolendewera kudenga. Pakhomo panaima Evaristo, chipewa chitawongoka, ndipo mkazi wake akudutsa anangoyang'ana patali. Kutsogolo kunakhala abwana a masuti pathebulo la maluwa ndi madzi a m'mabotolo. Mmodzi anaimirira n'kulankhula za anamgumi ndi akamba amene akumeza pulasitiki kutali kunyanja, mawu akunjenjemera ndi chisoni, ndipo anthu anamuombera m'manja. Kenaka atsikana owonda anayamba kuyenda pansanja, wina atavala mabotolo, wina zivindikiro zake, wina chisoti cha kamba chija. Luso linalipo ndithu, ana aja anasoka ndi mtima wonse, ndipo za akambazo sizinali zabodza. Kungoti abwanawo ankaomba m'manja momasuka kwambiri, poti zonsezo zinali za kutali.

Amayi ovina anawandandalika m'mbali mwa khoma kudikira nthawi yawo, oimba ng'oma ali kumapeto. Anastasia anazemba n'kulowa kuseri kwa makatani. Anamupeza Keziya atakhala pakatoni, maso ali psuu, diresi lili pamiyendo.

"Mwabwera kudzanditukwananso, amama?"

"Bwanji sunaveke munthu? Anzako onse atuluka."

"Treasure, mtsikana amene anandipatsa kuti avale, wakana. Wafunsa kuti jinziyi ni yandani, ine sindinafune kunama. Akuti nsalu ya wakufa iye awe, savala, afuna kudzabereka. Enawo atamva athawa onse. Ndivala ndekha."

"Iwenso sunabereke. Tandionetsa."

Keziya analitambasula. Kumtunda linali la nsalu yabuluu yowala, yosalala. Kutsika m'chiuno buluu uja ankanka nada, atalukana ndi neti yong'ambika ndi timapulasitiki totoledwa m'mphepete mwa kamtsinje, mpaka kufika kutsogolo kumene kunali jinzi ija, yofiira, yamabowo, yosakongoletsedwa ndi kalikonse. Pamalo a bondo lamanzere panali chigamba. Anastasia anachisisita ndi chala. Anachisoka ndi iyeyo pamanja, ndi ulusi wakuda poti wabuluu unali utatha, Barnabas ataima pambali ndi kabudula akumufulumizitsa kuti achedwa kudimba.

Anayang'ana diresi, n'kudziyang'ana yekha. Linali losokera munthu wa chiuno cha mavu.

"Sizasi ija uli nayo?"

"Ili m'chikwama."

"Tenga. Ng'amba m'mbali umu, umange ndi mapini. Ndinamunyamula ali moyo, sangandilemere lero."

"Amama, atate ali pakhomo."

"Ndawaona. Fulumira."

Wolengeza atatchula dzina la Keziya Daka wa ku Kitwe, anthu ankayembekeza kamtsikana kena. Atatuluka mayi wathupi lake, duku kumutu, mapini akuwala m'nthiti, holo yonse inaseka mokondwa, mafoni ali m'mwamba, ena akuimba mluzu. Priscilla nayenso anaomba m'manja poganiza kuti ndi nthabwala yokonzedwa. Anastasia sanagwedeze chiuno, sanamwetulire. Anayenda monga amayendera popita kumsika mpaka kumapeto kwa nsanja, maso ndi maso ndi thebulo la maluwa. Pamenepo anavula nsapato, nakhala pansi, natambalala miyendo, n'kuika manja kunkhongo.

Kulira kwa maliro sikufuna chimkuzamawu.

"Mayo ine, Barnabas mwana wanga ine! Unalowa m'madzi kutola nsomba, mwana wanga, madzi anakudya. Anakudya miyendo, anakudya m'mimba. Buluku lako ili, Barnabas, ndavala ine amako. Anati ndinene malungo, ndinanena. Ndinanamiza Norah, a Zacharia apsa miyendo. Damu la kumtunda landiphera mwana ine, mayo!"

Kuseka kunazima. Woimbitsa nyimbo anayamba wakweza, kenaka anachita manyazi n'kuzimitsa. Priscilla anaimirira, thukuta litatsuka ufa wa kumaso, n'kumakodola amayi a kukhoma kuja kuti ng'oma zilire, ayambe kuvina, aphimbe phokosolo.

Apa ndi pamene analakwitsa, iye wokulira kumayadi. Ankaganiza kuti chitenge, basi ndi mpunga zingavinitse mkazi wa m'komboni pamene mayi mnzake wakhala pansi akulira mwana. Kuno zimenezo kulibe. Mayi akayamba maliro suima, sufunsa ngati munayambana dzulo, umakhala pansi n'kumulandira.

Woyamba anali Norah. Anatuluka mumzere, anakwera pansanja, nakhala pambali pa Anastasia phewa ndi phewa, n'kulandira kulirako akutchula dzina la mwamuna wake ndi chimene chinamuotcha. Bupe anatsatira. Kenaka onse anakhala pansi pomwe anaimapo, miyendo tambalale, nsomba zija zili mbwee pasimenti. Oimba ng'oma anazigoneka. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro ya Chibemba, ya pansipansi, ndipo ngakhale amayi ena a m'mipando anayamba kuvomera. Keziya anatuluka kuseri kwa makatani n'kugwada kumbuyo kwa amayi ake atawagwira m'mapewa, monga agwirira namfedwa.

"Ba guard!" anakuwa Priscilla akuyang'ana kukhomo. "Fumyeni aba bamayo. Achotseni msanga."

Evaristo anayenda kuchokera pakhomo, jombo zikulira pasimenti, anthu akumupatukira. Anastasia anamuona akubwera ndipo sanasiye kulira. Ankadziwa kuti akamugwira mkono n'kumutulutsa, mwina ntchito itsala, ndipo anali atatsimikiza kuti sadzalimbana naye pagulu. Zake anali atanena kale. Evaristo anafika kumapeto kwa nsanja n'kuima. Maso ake sanapite pankhope ya mkazi wake, anapita pa chigamba cha ulusi wakuda chija, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali.

Bwana wamkulu wa pathebulo, yemwe uja wa anamgumi, anawerama n'kumukoka malaya.

"Ukudikira chiyani iwe? Mayi ameneyu ndani? Ukumudziwa?"

Evaristo anavula chipewa, poti pamaliro mwamuna savala kanthu kumutu.

"Ndiwadziwa, bwana," anatero. "Awa ni amake Barnabas."

Anaika chipewacho pathebulo, pakati pa maluwa ndi mabotolo a madzi. Kenaka anatembenuka, natuluka, n'kukakhala pansi panja pafupi ndi khomo, kumene amuna amakhala maliro akakhala m'nyumba.